Zimene tinaona pansi pa nyanja ku Pemba

Tsiku limene mwana wathu wachiwiri anatiuza kuti wapeza ntchito ku Pemba, nsima inagona m'mbale. Ife ndife anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi. Bambo a pakhomo pano akhala pa khoka kuyambira ali mnyamata, ndipo mayi alera ana asanu ndi ndalama ya nsomba zowamba. Chiyembekezo chathu chinali chakuti mnyamatayu adzalandira bwato la bambo ake. Koma sukulu itamukanika chifukwa cha fizi, anapita ku Cape Maclear kukafuna ganyu, ndipo kumeneko anayamba kunyamulira alendo masilinda a mpweya. Patapita zaka zingapo anali ndi setifiketi yotsogolera anthu obira pansi pa madzi, ntchito imene eni ake amaitcha scuba.

Kunena zoona, ntchitoyi sitinkaiwerengera. Kwa ife kunali kuthamangira alendo pa gombe, komwe ana a anzathu ena anakaphunzirako mowa ndi chamba. Tinalinso ndi mantha, pakuti munthu si nsomba. Achibale anatitonthoza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma mtima wa kholo sumva mwambi. Iye ankatumiza ndalama ndi zithunzi pa foni, ife yankho lathu linali limodzi lokha: bwerera kumudzi, bwato likuola. M'chaka cha 2023 anatitumizira ndalama ya ulendo, natiuza kuti, "Ababa, Amayi, bwerani mudzaone kaye. Mukadzaona n'kunenabe kuti ndibwerere, ine ndidzabwerera." Tinavomera tili ndi maganizo akuti tikamutenge.

Tinanyamuka mu Okutobala. Tinadzera ku Karonga, kuwoloka malire pa Songwe, kupyola Mbeya, mpaka ku Dar es Salaam miyendo itatupa. Kuchoka apo sitima ya pamadzi inatitenga maola awiri kukafika pa chilumba cha Unguja, chimene ambiri timangochitcha Zanzibar. Njira ya kugombe la nyanja yamchere si yachilendo kwa anthu a kuno. Makolo athu ankayenda pansi kupita ku Kilwa ndi minyanga ya njovu, kubwerako ndi nsalu ndi mikanda, ndipo Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Tisabise, njira yomweyo inapitanso ndi anthu ali m'magoli, ndipo msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873. Tinayenda m'timisewu topanikiza ta Stone Town tikukumbukira zonsezi. Mwana wathu anatiimitsa pa khoma lina logumuka pulasitala, natiuza kuti tigwire mwala wake. Unali wopepuka, wa timabowo ngati chisa cha njuchi. "Mwala uwu unali wamoyo," anatero. Tinayang'anizana, tikuganiza kuti mwanayu madzi amchere amulowa m'mutu.

M'mawa mwake tinakwera sitima ina kupita ku Mkoani, doko la kumwera kwa Pemba. Chilumbachi n'chobiriwira, cha mapiri ang'onoang'ono, ndipo pena ndi pena tinkadutsa mphasa zoyanikapo karafuu m'mbali mwa msewu, fungo lake likulowa m'minibasi. Zambiri zinali ngati kwathu. Mabwato ena amawatcha ngalawa, monga timanenera ife. Mphepo ya kumwera imene ife timati mwera iwo amati kusi, ndipo ya kumpoto amati kaskazi. Okutobala ndi nthawi imene kusi watopa koma kaskazi sanayambe, choncho nyanja imakhala bata. Chimene chinatidabwitsa ndi kuphwa kwa madzi. Kawiri pa tsiku nyanja imathawa gombe, mabwato n'kutsala atagona pa matope, kenako imabweranso. Msodzi wa kumeneko sayang'ana mphepo yokha, amawerenganso mwezi ndi ola.

Usiku woyamba mwana wathu anatifotokozera za mwala uja. Aswahili amautcha matumbawe. Si mwala wamba, komanso si chomera ayi. Ndi tizilombo tating'onoting'ono tofewa, tokhala pamodzi miyandamiyanda, ndipo kalikonse kamadzimangira kanyumba ka laimu. Tikafa, ana ake amamanga pamwamba pa nyumba za makolo, mpaka patapita zaka mazanamazana pamakhala khoma lalikulu pansi pa nyanja. M'thupi mwa tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo ndizo zimapatsa matumbawe mtundu wake. N'chifukwa chake matumbawe amafuna madzi oyera, ofunda, osazama kwambiri. Amene ali ndi nthambi ngati nyanga za gwape amakula pafupifupi masentimita 10 pa chaka, koma oulungika ngati chulu amangowonjezera sentimita imodzi pa chaka. Choncho chulu chofika m'chiuno mwa munthu n'chachikulu msinkhu kuposa agogo athu. Matumbawe onse a pa dziko lapansi sakwana ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 100 a pansi pa nyanja zamchere, komabe pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanjazo umadalira malo amenewa.

Anatijambulira pa mchenga malo amene amapitako ndi alendo. Kumadzulo kwa Pemba kuli tizilumba tondondozana, ndipo pakati pake pali mipata imene madzi amadzera polowa ndi potuluka. Yotchuka ndi Njao Gap ndi Fundu Gap. Kumeneko matumbawe amayambira pafupi ndi pamwamba pa madzi, kenako khoma limatsika chiriri mpaka kumdima, pakuti nyanja ya pakati pa Pemba ndi Tanga ndi yakuya mamita mazanamazana. Madzi a m'mipatayi amathamanga ngati Shire m'dzinja, motero kumapita okhawo ozolowera, ndipo sasambira molimbana nawo, amangolola kuti awatenge, bwato likuwatsata pamwamba. Ku Unguja malo odziwika ndi ozungulira kachilumba ka Mnemba, moyang'anizana ndi Matemwe, monga Kichwani ndi Wattabomi, kumene ophunzira amayambira. Kumpoto kwa Nungwi kuli Leven Bank, phiri la pansi pa nyanja la akatswiri okha. Kulinso Chumbe, pafupi ndi Stone Town, chimene chinatetezedwa mu 1994. Kumeneko kusodza n'koletsedwa, ngakhale alendo saloledwa kutsika ndi masilinda, amangoyandama pamwamba ndi galasi la kumaso, ndipo ana a sukulu, anyamata ndi atsikana omwe, amatengeredwa kumeneko kukaona chuma cha kwawo. Ife anati atitengera ku Misali, kachilumba kopanda mudzi ka kumadzulo kwa Chake Chake.

Apa tiulule chinthu chimodzi. Bambo a pakhomo pano si mlendo pansi pa madzi. Paunyamata wawo anali bilamani pa khoka la nkacha ku Malombe. Osadziwa, bilamani ndi amene amabira pansi, atakoka mpweya wambiri m'chifuwa, kukamanga khoka kunsi kuti nsomba zisatulukire pansi. Motero atamva zoti aphunzitsidwe kubira ndi mwana amene anamubereka okha, anaseka. "Iwe, ine ndinayamba kubira amako asanakuyembekezere," anatero.

Mwanayo sanaseke. Anakhala pansi mwaulemu nati, "Ababa, luso lanulo ndi limene likundiopsa. Inu munazolowera kusunga mpweya m'chifuwa. Kuno mukatero mufa." Anafotokoza kuti pa mamita 10 pansi pa madzi, kupanikiza kumene thupi limamva kumawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba. Bilamani amatsika ndi mpweya wa pamwamba, umafinyika potsika, n'kubwerera mwakale pokwera, palibe vuto. Koma wa silinda amadzaza mapapo ali pansi. Akakwera atatseka pakhosi, mpweyawo umafufuma ndipo mapapo angathe kung'ambika, ngakhale pa madzi osazama. Lamulo loyamba ndilo kupuma mosalekeza. Lachiwiri ndi kukwera pang'onopang'ono. M'silindamo si okosijeni yekha monga tinkaganizira, ndi mpweya wamba wopanikizidwa, ndipo munthu akakhala pansi nayitrojeni wa mumpweyawo amalowerera m'magazi. Ukakwera mothamanga amachita thovu ngati botolo la chakumwa chozizira ukalitsegula utalikhutchumula, ndipo thovulo lingathe kupuwalitsa munthu. N'chifukwa chake obira amaima mphindi zitatu pa mamita 5 asanatuluke, ndipo amene wabira kangapo sakwera ndege mpaka patapita maola 18. Woyesa koyamba sapyola mamita 12, wa setifiketi yoyamba sapyola 18, ndipo malire a onse obira mongosangalala ndi mamita 40. Palibenso amene amatsika yekha.

Tinakhala chete. Mwana amene tinkamuyesa wothamangira alendo anali kuwerengera miyoyo ya anthu pa mphindi ndi pa mita. Anatifunsanso za matenda, ndipo atamva kuti mayi amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anakana kuti atsike ndi silinda. Anawapezera jekete loyandamitsa, galasi ndi kapaipi kopumira, nawauza kuti alowe m'madzi ndi zovala zawo zofika m'mapazi ndi mpango kumutu, monga amachitira amayi a kumeneko.

Tinafika ku Misali dzuwa lisanatenthe. Mchenga wake ndi woyera ngati ufa woyera. Bambo anamangiridwa lamba wa zitsulo zolemera, zochulukirapo kuposa zimene akanavala ku Cape Maclear, chifukwa madzi amchere amayandamitsa thupi kuposa a kwathu. Anayamba pa madzi ofika m'chifuwa, kuphunzira kuchotsa madzi m'galasi ndi kulankhula ndi zala. Kenako anatsika mamita 6 kapena 7, mwana atawagwira pa mkono monga ankamugwirira iwo akuphunzira kuyenda. Mayi anali pamwamba pawo penipeni, nkhope m'madzi, atagwira chingwe cha bwato. Madziwo ndi oyera kotero kuti tinkaonana.

Zimene tinaona n'zovuta kuzisimba kwa munthu amene sanaoneko. Ife tikudziwa mbuna za pa miyala ya ku Thumbi, ndipo sitizinyoza, pakuti nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yoposa ya nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Koma kwathu nsomba zokongola zimasambira pa miyala yakufa. Uku mwalawo ndi munda. Panali matumbawe onga matebulo, ena onga masamba a kabichi, ena onga ubongo wa mbuzi. Nsomba ya mlomo ngati chinkhwe, imene amati pono, inali kukukuta matumbawe mpaka tinkamva phokoso lake m'madzi, ndipo tinauzidwa pambuyo pake kuti zimene imatulutsa ndizo mbali ya mchenga woyera uja. Mkunga unasuzumira pa una, kukamwa kuli yasa. Pansi pa tebulo lina panali chinsomba cha milomo yochindikala chitangoima, tinsomba tiwiri tating'ono tikulowa m'makha mwake kuchotsa tizilombo, icho osatidya. Titatuluka tinafunsa dzina lake, ndipo atatiuza kuti Aswahili amachitcha chewa, bwato lonse linafa ndi phwete. Kamba wa m'nyanja anadutsa mosafulumira, osatilabadira n'komwe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pansi paja wopupuluma amamaliza mpweya msanga ndipo saona kanthu.

Tikubwerera, mwana wathu anapempha woyendetsa bwato kuti aime pa malo ena kunja kwa dera lotetezedwa. "Yang'anani apanso," anatero. Tinaviika nkhope m'madzi. Pansi ponse panali zibenthu zotuwa zokutidwa ndi ndere, ngati mudzi umene wapsa. Nsomba zinali zowerengeka. Anatiuza kuti malo otere amabwera m'njira zingapo. Ena amaphulitsa mabomba m'madzi, nsomba zimafa nthawi imodzi, zina zimayandama koma zambiri zimamira n'kuolera pansi, ndipo matumbawe amene anakula zaka 100 amasanduka zibenthu pa kamphindi. Ena amakoka makoka pa matumbawe kapena kuwagogoda ndi mitengo kuti nsomba zithawire mu ukonde. Njira ina siichokera m'manja mwa msodzi. Madzi akatentha kuposa mwa nthawi zonse, ngakhale ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, matumbawe amatulutsa ndere zija, amayera mbuu, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Izi zinachitika koopsa mu 1998 m'nyanja yonse ya India, ndipo Misali inakhudzidwa kwambiri. Zinabwerezanso mu 2016.

Pa chilumbapo asodzi amamanga misasa ya kanthawi, monga amachitira anzathu ku Mbenji. Itakwana nthawi ya swala ya masana tinapemphera nawo pa mchenga, kenako tinakhala pa mthunzi ndi bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde. Mwana wathu ndiye ankamasulira. Mkuluyo anatiuza zimene anthu a kumeneko amasimba, kuti dzina la Misali linachokera ku msala, mkeka wopempherapo. Akuti munthu wina woyera anafika pa chilumbacho nthawi ya pemphero, ndipo posowa mkeka anati chilumba chomwecho chikhale msala wake. Anatiuzanso kuti boma la Zanzibar litateteza malowa mu 1998, asodzi ambiri anaona ngati alandidwa munda kuti alendo azisangalala, ndipo malamulo ankawazemba usiku. Zinthu zinayamba kusintha cha m'ma 2000, pamene bungwe la CARE pamodzi ndi bungwe la Chisilamu loona za chilengedwe la ku Birmingham, lotsogozedwa ndi Fazlun Khalid, anakhala pansi ndi mashehe, aphunzitsi a madrasa ndi atsogoleri a asodzi. Sanabwere ndi chiphunzitso chatsopano. Anangokumbutsana zimene tonsefe tinaphunzira tili ana: kuti munthu ndi khalifa, wosungitsidwa dziko, osati mwini wake, kuti chilengedwe chinaikidwa pa muyeso umene suyenera kusokonezedwa, ndi kuti kusakaza n'koletsedwa. "Msilikali wa boma ndinkamuthawa," anatero mkuluyo. "Nanga Mwini nyanja ndikanamuthawira kuti?" Sananene kuti mavuto anatha. Anati njala ikadalipo, ozemba akadalipo, koma iye ana ake anawaletsa.

Bambo a pakhomo pano sanayankhule kanthu mpaka usiku. Titadya, anayamba kusimba zimene ngakhale mayi anali asanazimvepo. Anati pamene ankayamba ubilamani, m'zaka za m'ma 1980, pansi pa Malombe panali udzu wa m'madzi wofika m'mawondo, ndipo pa mchenga pankaoneka zisa za chambo, zozungulira ngati malichero. Chaka ndi chaka makoka ankakokolola udzuwo. Maso a ukonde ankacheperachepera, tinayamba kugwira kasawala, ana a chambo, n'kumawayesa ndiwo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitasowa m'Malombe, ndipo pansi panatsala matope okhaokha. "Anthu a pamtunda ankangoona kuti nsomba zachepa," anatero. "Koma ine ndinkaona ndi maso anga tsiku ndi tsiku, ndipo mfundo ya khoka ndinkamanga ndine. Zibenthu zija ndazizindikira. Ndi kwathu kuja." Mwana anaweramitsa mutu, osawayang'ana kumaso.

Sikuti nzeru yosunga nyanja tiyenera kukaitenga kutali. Ku Mbenji, m'boma la Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi pa chilumbacho nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amasamuka mpaka tsiku lotsegulira. Ku Pemba nako midzi ina, monga Kisiwa Panza, inayamba mu 2015 kutseka mbali ya gombe lawo miyezi itatu kuti pweza, kanyama ka miyendo isanu ndi itatu kaja, kakule, ndipo potsegula amagwira zazikulu. Kwathu makomiti a m'madoko alipo kuyambira mu 1993, ndipo nyengo yotseka nyanja tonse timaidziwa. Chimene chimatisowa ndi kuona. Msodzi amadziwa nyanja kuchokera pamwamba, amaona chimene chalowa m'bwato. Chimene chatsala pansi sachiona, ndipo chosaoneka sichimvetsa chisoni.

Tsiku lonyamuka, pa doko la Mkoani, mwana wathu anatikumbutsa lonjezo lake. "Ababa, mwaona. Nanga ndilongedze?" Bambo anayang'ana mayi, mayi anayang'ana pansi. Kenako bambo anati, "Khala, mwananga. Koma ukamabwera ku tchuthi ubwere ndi magalasi aja, angapo." Mayi anawonjeza zawo, zoti asaiwale swala ndiponso zoti msinkhu wokwatira wakwana, ndipo iye anangoti, "Ndamva, Amayi."

Mu Epulo 2024 anatiimbira foni mawu ali olefuka. Madzi anali atatenthanso, ndipo matebulo ena amene tinawaona anali atayera. Mwezi womwewo akatswiri analengeza kuti matumbawe akuyera m'nyanja zonse za dziko lapansi, kachinayi chiyambire 1998. Kusi atayamba kuomba madzi anazizira, ena anabwerera mtundu, ena anafa. Iye akuti kumene nsomba zodya ndere zikadali zambiri, matumbawe ang'onoang'ono amapeza pomera, koma kumene nsombazo zinatha, ndere zimakuta zonse. Kutentha kwa nyanja msodzi sangakuletse, koma kusiya nsomba zokwanira m'madzi kuli m'manja mwake.

Kuno kumudzi sitinachite zazikulu. Pa khoka lathu panali chigamba cha neti ya udzudzu chimene tinasokerera pakati, monga achitira ambiri. Tinachisomola. Ndalama ya nsomba inatsika, ndipo anyamata awiri a pa bwato lathu anatithawa kupita kwa ena. Sitikuweruza mnzathu aliyense, pakuti tikudziwa kulira kwa mwana wanjala. Magalasi aja anabwera, asanu ndi limodzi. M'Malombe madzi ndi akuda, saonetsa kanthu, motero pa tchuthi cha sukulu tinatenga adzukulu athu ndi ana a oyandikana nawo nyumba kupita nawo ku Cape Maclear. Agogo awo aamuna analowa nawo m'madzi, kuwaonetsa mbuna yaikazi itasunga ana m'kamwa. Kamdzukulu kathu ka zaka 8 kanatulutsa mutu m'madzi n'kufunsa kuti, "Agogo, kodi chambo nachonso chimatero?" Tinakayankha kuti inde, chimatero. Kanafunsanso kuti tikachigwira chili ndi ana m'kamwa, anawo amapita kuti. Agogo ake anakonza lamba wa galasi lake, nakauza kuti kayang'anenso pansi.